Chivindikiro cha lenzi chasowa? Chitani izi

Chivindikiro cha lenzi ya kamera chikatayika, musathamangire kugula china musanadziwe kukula kwake.

Choyamba yang'anani kutsogolo kwa lenzi, pamkombero pomwe pali tizilembo ting'onoting'ono. Mupeza kachizindikiro ka ø kotsatana ndi nambala, mwachitsanzo ø58. Kumeneko ndiye kukula kwa kamwa la lenzi m'mamilimita. Apa ambiri amasokonezeka: nambala ina yolembedwa palenzi, ngati 18-55mm, si imeneyo ayi, iyo ikunena za kukoka chithunzi. Lenzi ya Canon EF-S 18-55mm imafuna chivindikiro cha 58. Ngati tizilemboto tinafufutika, yezani ndi rula mkati mwa mkombero, kuchoka mbali ina kufika inzake.

Kenako gulani chivindikiro chotsina pakati ndi zala ziwiri. Chimachoka bwino ngakhale mutaika hood (kachipewa kotchinga kuwala kutsogolo kwa lenzi), pomwe chotsina m'mphepete zala sizifikira. Dzina la kampani lilibe kanthu, bola nambala ifanane.

Kuti chisasowenso, matani kachingwe kake pachivindikirocho, mbali inayo muikoleke pathupi la lenzi. Pukutani kaye pomatapo, apo ayi guluu sagwira. Ine kachingweko kamanditopetsa mphepo ikamawomba, kamangogunda kamera, ndiye ndimangoponya chivindikiro m'thumba limodzi lomwelo nthawi zonse.