Kujambula bluegrass kunyumba: musathamangire kugula maiki ina

Chaka chatha ndinatsala pang'ono kugulitsa njinga kuti ndigule maiki yodula, chifukwa gitala yanga imamveka ngati ndikuimbira mu mgolo. Mnzanga woimba banjo atabwera anangosuntha maiki yakale yomweyo pang'ono chabe, kuichotsa pa bowo la gitala, basi kugunda konse kuja kunatha. Manyazi ake osanena. Ndiye musanatulutse ndalama tamvani kaye izi.

Nyimbo za bluegrass zinachokera kwa Bill Monroe wa ku Kentucky ku America ndi gulu lake la Blue Grass Boys, makamaka Earl Scruggs atalowamo mu 1945 ndi banjo yake yoimba ndi zala zitatu. Anthu aja ankazungulira maiki imodzi, amene yafika nthawi yake yoti amveke amasendera kutsogolo, akamaliza amabwerera mmbuyo kupatsa mnzake mpata, kumikisa kwake (kulinganiza mawu a zida zonse) kunali kwa mapazi. Gulu la Del McCoury linatchuka nako kachitidwe komweka. Ndiye ngati muli ndi maiki imodzi ya condenser (mtundu wofuna magetsi kuti ugwire ntchito) ndi interface (kabokosi kolumikizira maiki ku kompyuta) yoipatsa magetsi a 48V, zida zoyambira muli nazo kale.

Yambani ndi chipinda. Imani pakati muombe m'manja kamodzi, mukamva kakulira kotsalira ngati belu dziwani kuti maiki imva zomwezo kuposa inuyo, ndipo banjo ndiye imakokomeza zimenezi moipa. Chipinda cha simenti chopanda katundu ayi. Yalani kapeti, tsamiritsani matiresi pakona, pachikani mabulangete okhuthala kumbuyo kwa oimba koma osawamata kukhoma, asiyeni kampata. Mateleyi a mazira aja anthu amamata m'makoma sathandiza kwenikweni, mungoitana mphemvu. Zimitsani fani ndi furiji (ikani makiyi a nyumba mufurijimo kuti musaiwale kuyatsanso, ine ndinaonongapo ndiwo). Ngati denga ndi la malata ndipo kwayamba mvula, pumulani, palibe pulagini (kapulogalamu kokonzera mawu) yochotsa zimenezo.

Pa maiki imodzi, ikani pa msinkhu wa pachifuwa. Banjo ili ndi mawu ambiri, ikhale patali kuposa onse. Gitala ndiye imamira msanga, isendere pafupi. Woimba mawu pakati. Bass yaikulu ija nthawi zambiri imasowa pa maiki yapakati, ndiye ngati interface yanu ili ndi polowetsa pawiri ngati Focusrite Scarlett 2i2, pachiwiripo mupatseni wa bass maiki yake pafupi ndi bridge (kamtengo kochirikiza zingwe pamimba pa chidacho). Jambulani masekondi 30, mverani, sunthani munthu mmodzi yekha, jambulaninso. Zimatopetsa eya koma apa ndi pamene nyimbo imapsa.

Mukamajambula nokha chida chimodzichimodzi, gitala lozetsani maiki pa fret (kachitsulo kopingasa pakhosi) ya 12, masentimita 20 mpaka 30, osati pabowo. Banjo italikireni pang'ono mulozetse pomwe khosi lakumana ndi chikopa. Vayolini maiki ichokere pamwamba, ndipo musayandikitse chifukwa mudzangomva uta ukukanda zingwe. Mandolini samalani nayo, kachopu kake (kumenya zingwe mwachidule pa kugunda kwa 2 ndi 4) kamadumpha mwadzidzidzi nkuphulitsa mita ya voliyumu, ndiye jambulani pa 24-bit ndipo pokwera penipeni pazifika cha pa -12 dB basi. Kukweza mukweza pambuyo, koma zophulika sizikonzeka.

Kumikisa bluegrass ndi ntchito yogwira manja kumbuyo. Yambani ndi voliyumu ndi pan (kuika chida kumanzere kapena kumanja), EQ (yochepetsa kapena kukweza mawu apansi, apakati ndi apamwamba) musaikhudze kaye. Bass ndi mawu pakati, banjo mbali ina mandolini mbali inayo, koma osakankhira kumapeto. Mulibe ng'oma mu nyimbo izi, bass pa kugunda kwa 1 ndi 3 ndi mandolini pa 2 ndi 4 ndiwo ng'oma zake, awiriwa akagwirizana zina zonse zimakhala pamalo. Kenako dulani zapansi pa 80 kapena 100 Hz pa zida zonse kupatula bass. Gitala ikamamveka matope chotsani pang'ono cha pa 200 mpaka 300 Hz, banjo ikamabaya makutu yang'anani cha pa 3 kHz, ma dB awiri atatu akwana. Compressor (yotsitsa yokha mawu akakwera) ikachuluka imapha banjo, bola kukweza ndi dzanja pomwe munthu akutenga gawo lake nkutsitsa akamaliza, kumakhala ngati kusendera kutsogolo kuja. Reverb (kakulira kotsalira kowonjezera) ikhale yochepa moti muziizindikira pokhapokha mwaizimitsa. Mverani pa mono (mbali zonse ziwiri zitaphatikizidwa kukhala imodzi), mverani pa foni, bass ikasowa pa foni musakweze zapansi, kwezani pang'ono cha pa 700 Hz pomwe chala chimamveka chikukoka chingwe.

Tsono za kugula. Choyamba zingwe zatsopano, zotchipa koma kusintha kwake kumaposa maiki ya madola mazana. Chachiwiri mahedifoni otseka monga Sony MDR-7506 kuti zomwe mukumva zisamatayikire mu maiki, ndi stand yolimba yosagwa mutu pakati pa nyimbo. Pulogalamu yojambulira musavutike nayo, Audacity ndi yaulere, Reaper layisensi yake ya munthu wamba ndi madola 60. Interface musinthe pokhapokha polowetsa pakuchepa, monga mukufuna kujambula anthu anayi aliyense ndi maiki yake, osati chifukwa wina pa YouTube wanena kuti preamp (chokwezera mawu a maiki) yake imamveka bwino.

Maiki ibwere kumapeto, ndipo muzitha kunena vuto lake m'mawu amodzi. Ikuchita phokoso la sii pa nyimbo zofatsa? Ikubaya pa vayolini ngakhale mwasuntha paliponse? Pamenepo kuchoka pa Audio-Technica AT2020 kupita pa AT4033, yomwe magulu ambiri a bluegrass amaizungulira, kuli ndi tanthauzo. Koma bwerekani kaye kwa mnzanu, jambulani ndime imodzi ndi maiki zonse ziwiri, mufananitse voliyumu chifukwa yokwera imanamiza khutu, mnzanuyo asinthe maina a mafayilo nkukuseweretsani. Ine nditapanga zimenezi ndinasankha yanga yakale kawiri pa katatu, ndalama ija ndinakagulira mabulangete anayi pa kaunjika.