Mmene mungasankhire njinga yamoto yachiwiri poiyesa ndi imene muli nayo kale

Munthu amene akugula njinga yamoto koyamba amadalira zimene wauzidwa ndi wogulitsa, makaniko ndi anzake a pa siteji, chifukwa iye mwini alibe choyerekezera. Amene akugula yachiwiri ali ndi mwayi woposa pamenepo, pakuti pakhonde pake pali kale njinga imene akuidziwa kaliridwe kake, kamwedwe kake ka mafuta, ndiponso chitunda chimene imafookerapo ikanyamula munthu ndi thumba la chimanga. Ambiri amautaya mwayi umenewu akangofika m'sitolo ku Limbe n'kuona utoto wonyezimira ndi mipando yokutidwa ndi pulasitiki. Njinga yakaleyo ndiyo muyeso wanu, ndipo ntchito yosankha yatsopano iyenera kuyambira pa iyo musanatulutse ndalama m'thumba.

Choyamba dzifunseni ntchito imene njinga yachiwiriyo idzagwire, chifukwa yankho lake ndi limene lidzakuuzeni ngati mukufuna yofanana ndi yoyambayo kapena yosiyana nayo. Ngati cholinga chanu n'choti muipereke kwa mnyamata wa kabaza kuti azikubweretserani ndalama madzulo alionse pa Chitakale kapena pa Luchenza, nzeru ndi kugula ya mtundu womwewo, kaya ndi Boxer, Lifo, Sanlg kapena TVS, kuti masipeya azitha kusinthana ndiponso kuti makaniko mmodzi azisamalira zonse ziwiri. Koma ngati mukugula chifukwa yoyambayo ikulephera ntchito inayake, monga kukwera zitunda za ku Thekerani itanyamula katundu kapena kupita ku Blantyre n'kubwerako tsiku lomwelo osatentha injini, kugula yofanana nayo ndi kungochulukitsa vuto lomwe muli nalo kale. Pali anthu ena amene sakufuna njinga yachiwiri ayi, akungofuna yolowa m'malo mwa yoyamba imene yatha. Oterewa ndi bwino avomereze zimenezi msanga, agulitse yakaleyo isanadye ndalama zina, m'malo moisunga kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zitayamba kuikira pansi pake.

Mukadziwa ntchito yake, tengani kope ndipo muiyese njinga yanu yakale kwa masabata awiri kapena atatu. Kamwedwe ka mafuta kayesedwe motere. Dzazani thanki mpaka pakhosi, lembani nambala imene ili pa mita ya makilomita, yendani monga mwa masiku onse, kenaka mudzazenso pa pampu yomweyo njinga itaima mowongoka. Makilomita amene mwayenda muwagawe ndi malita amene alowa kachiwiriko. Mwachitsanzo, ngati mwayenda makilomita 200 ndipo alowa malita 5, ndiye kuti njinga yanu imayenda makilomita 40 pa lita imodzi. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu musamugwiritse ntchito poyesa, chifukwa botolo limene amalitcha lita imodzi silikhala lodzaza mofanana nthawi zonse. Ngati mita inafa kalekale, monga zilili pa njinga zambiri za kabaza, sankhani ulendo umodzi umene mumayenda kawirikawiri, monga kuchoka pa Chitakale kukafika ku Muloza n'kubwerera, ndipo muwerengere malita amene ulendo umodziwo ukudya. M'kope momwemo lembani tsiku limene munasintha oyilo, tcheni, matayala ndi mabuleki, pamodzi ndi mtengo wa chilichonse. Zimene munthu amakumbukira pamtima pa nkhani ya ndalama zokonzetsera njinga nthawi zambiri zimakhala zochepa kuyerekeza ndi zimene anawonongadi.

Kenaka pamabwera kuyendetsa, ndipo apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Njinga iliyonse imaoneka yamphamvu pa msewu wa tala wopanda chitunda, munthu ali yekha pampando. Msewu wa M2 wochokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza mpaka ku Mulanje, kapena wa Midima, sungakuuzeni zonse ngati ntchito yanu yeniyeni ili m'misewu yafumbi yodutsa m'minda ya tiyi. Dothi lofiira la kuno limaterera ngati sopo mvula ikagwa, ndipo nyengo ya chiperoni, mu June ndi July, msewu umatha kukhala wonyowa masiku angapo popanda dzuwa louwumitsa. Namondwe wa Freddy atagwetsa milatho mu March 2023, midzi ina ya ku Mulanje inkafikika ndi njinga yokha, ndipo amene ankayenda nthawi imeneyo anaona kusiyana kwa njinga yotalikira kuchokera pansi ndi yofupika imene injini yake imagunda miyala. Choncho sankhani chitunda chimodzi chimene mumachidziwa bwino, mukwere ndi njinga yakale mutanyamula mnzanu, muone giya imene mwakwerera ndi pamene injini yayamba kubuula. Tsiku lomwelo, ndi mnzanu yemweyo, kwerani chitunda chomwecho ndi njinga imene mukufuna kugula. Potsika yesani mabuleki. Buleki ya disiki yakutsogolo imagwira msanga kuposa ya dilamu, moti munthu amene anazolowera kufinya chogwirira mwamphamvu pa njinga yakale akhoza kugwa pamatope tsiku loyamba. Masitolo ambiri salola kuti njinga yatsopano ituluke isanalipiridwe, choncho pemphani mnzanu wa pa siteji amene ali ndi ya mtundu umenewo kuti muyese yake, inu mumuthirire mafuta.

Kukula kwa injini kuganiziridwe mofatsa. Njinga zambiri za kuno zili pakati pa 100cc ndi 150cc, ndipo si zoona kuti yaing'ono imasunga mafuta nthawi zonse. Pa msewu wosalala, munthu ali yekha, ya 100cc imamwa pang'ono ndithu, koma ikanyamula katundu wolemera pa chitunda imafuna kuti mutsegule moto wonse pa giya yotsika, ndipo pamenepo kusiyana kwake ndi ya 150cc kumachepa kwinaku injini ikutha msanga. Yang'ananinso laisensi yanu, chifukwa ya gulu la A1 imalola njinga zosapitirira 125cc, pamene zazikulupo zimafuna ya gulu la A. Njinga ngati Yamaha AG200, imene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe amayendera m'midzi, inapangidwira misewu yoipa ndipo tcheni chake chimakhala chotsekeredwa kuti matope asalowe, koma mtengo wake ndi wa masipeya ake suyenderana ndi ndalama imene kabaza amapeza pa tsiku.

Ngati njinga imene mukufuna ndi yogwirapo kale ntchito, pitani m'mawa ndipo muuziretu mwiniwake kuti asailize inu musanafike. Gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti yalizidwa kale, ndipo mwina pali chimene chikubisika, pakuti injini yotha imavuta kulira ikazizira koma imamvera ikatentha. Ilizeni nokha, poyamba ndi kiki kenaka ndi batani, uku mukuyang'ana utsi. Utsi wobiriwira motuwa umene sukutha injini itatentha umatanthauza kuti oyilo akupsa pamodzi ndi petulo, ndipo posachedwa mudzagula pisitoni ndi maringi. Utsi wakuda umasonyeza kuti petulo akulowa wochuluka, vuto limene nthawi zambiri limathera pa kabureta kapena pa sefa ya mpweya ndipo silidula kwambiri. Njinga za injini yosakaniza oyilo ndi petulo, monga Yamaha DT, zimafuka mwa chibadwa chake, choncho zimenezo musaziweruze ndi utsi wokha. Tsegulani poyezera oyilo, mupake dontho pakati pa zala. Oyilo wakuda amangosonyeza kuchedwa kusintha, koma wokhala ndi tizitsulo tonyezimira ndi chizindikiro choti muchokepo.

Mukatero gwadani kumbuyo kwa njingayo. Kokani tcheni pamene chazungulira sipuroketi yakumbuyo, ndipo ngati chikunyamuka mpaka mano kuonekera, chatha. Mano opindika ngati mbedza amatanthauza kuti tcheni ndi masipuroketi onse awiri ziyenera kusinthidwa pamodzi, ndipo mtengo wake uchotsedwe pa ndalama imene mwiniwake akufuna. Imikani njinga pa sitandi yapakati, mugwedeze gudumu lililonse cham'mbali kuti mumve ngati mabering'i akusewera, kenaka mutembenuze chiwongolero pang'onopang'ono kuti muone ngati sichikukodwa pakati. Pa mashoko akutsogolo pasakhale oyilo wodontha. Yang'anitsitsani felemu pansi pa thanki ndi pakhosi pa chiwongolero, chifukwa njinga imene inachita ngozi kapena kunyamula mopitirira muyeso imawotcheredwa pamenepo n'kupakidwa utoto watsopano. Matayala ali ndi tsiku lawo lobadwa lolembedwa m'mbali, manambala anayi amene awiri oyamba ndi sabata ndipo awiri otsiriza ndi chaka, moti 2322 ndi sabata la 23 la chaka cha 2022. Zonsezi mukaziona, bwererani kunyumba mukachite chimodzimodzi pa njinga yanu. Nthawi zina mudzapeza kuti yanuyo, imene mumainyoza, ili bwino kuposa imene mukufuna kuigula.

Nkhani ya masipeya ndi imene imasiyanitsa njinga ziwiri pakatha chaka. Injini zambiri za njinga zochokera ku China zinatengera kapangidwe ka Honda CG, n'chifukwa chake zipangizo za mitundu yosiyana maina zimatha kulowana, pamene Boxer ndi TVS, zochokera ku India, zimafuna zakezake. Musangokhulupirira mawu a wogulitsa akuti zonse zimapezeka. Pitani kwa ogulitsa masipeya pa Limbuli, pa Chitakale kapena pa Luchenza, mufunse mtengo wa pulagi, waya wa kilatchi, mabuleki, tcheni ndi pisitoni za njinga yatsopanoyo, ndipo muziike pambali pa mitengo imene ili m'kope mwanu. Funsaninso ngati zilipo pa shelefu pomwepo kapena n'zoitanitsa ku Limbe, popeza tsiku limene njinga yakhala pa makaniko kudikira chitsulo ndi tsiku lopanda ndalama. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo mitengo ya chaka chatha singakuthandizeni kuwerengera za lero. Onaninso ngati magudumu a njinga ziwirizo ndi ofanana kukula, chifukwa ena ndi a mainchesi 17 ena 18, ndipo tayala la imodzi silingalowe pa inzake. Ine ndimakonda gudumu la masipoko pa misewu yathuyi, chifukwa likapindika m'dzenje makaniko amaliwongola, pamene lachitsulo choumba likang'aluka latha.

Za mapepala ndinaphunzira movutikira. Njinga yanga yachiwiri ndinaigula kwa bambo wina amene ananena kuti bulubuku, buku la umwini wa njinga, ili kwa achimwene ake ndipo idzabwera sabata yamawa. Ndinalipira ndalama yonse chifukwa mtengo unali wabwino, koma bukulo litafika patapita miyezi, nambala ya injini inali yosiyana ndi imene inali pa njingayo, chifukwa injini inasinthidwapo popanda kukalembetsa. Kukonza zimenezi kunandidyera maulendo angapo a ku Blantyre. Inu tengani nsalu, mupukute nambala ya chesisi imene imadindidwa pakhosi pa chiwongolero ndi ya injini imene ili m'munsi mwa injiniyo, ndipo muziwerenge chilembo ndi chilembo mukuyang'ana bulubuku. Nambala yooneka ngati yapalidwa kapena kudindidwanso ikhale mapeto a zokambirana. Popeza kuno tili pafupi ndi chipata cha Muloza, njinga zambiri zimalowa kuchokera ku Milange, m'dziko la Mozambique, ndipo yotere iyenera kukhala ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti msonkho unalipidwa, apo ayi ku Road Traffic sakailembetsa m'dzina lanu. Lembani kalata ya mgwirizano yokhala ndi manambala onse awiri, mtengo, tsiku, nambala za ziphaso za unzika za nonse awiri ndi mboni, ndipo musunge gawo la ndalama mpaka umwini utasinthidwa. Inshuwalansi ya njinga yakale siiteteza yatsopano, ndipo iliyonse iyenera kukhala ndi yakeyake. Muwerengerenso mtengo wa zipewa ziwiri zoteteza mutu, cha woyendetsa ndi cha wokwera.

Mukaigula, musafulumire kuiweruza. Injini yatsopano imafuna kuyendetsedwa mofatsa pa makilomita oyambirira, popanda katundu wolemera ndiponso popanda kuithamangitsa mpaka kumapeto, ndipo oyilo woyamba amasinthidwa msanga monga mmene kabuku ka njingayo kanenera, chifukwa amatuluka ndi tizitsulo ta m'kati. Nthawi imeneyi ikadutsa, bwerezani muyeso wa mafuta uja ndi chitunda chija, mulembe zotsatira pa tsamba loyang'anizana ndi la njinga yakale. Ngati imodzi mwa ziwirizi mukuipereka kwa mnyamata wa kabaza, yakaleyo ndiyo yoyenera kupita pa siteji miyezi yoyambirira, popeza mukudziwa kale kamwedwe kake ndi ndalama imene imadya pa mwezi, moti akabwera ndi nkhani yoti tcheni chatha patangopita masabata atatu mudzatsegula kope n'kumuonetsa tsiku limene chinaikidwa.