Thanki ya makorali ikaphwa, musadzazemo madzi amchere

Amene anayiwalapo ndiwo pamoto mpaka msuzi kuphwera akudziwa kuti mchere umawawa, chonsecho sanawonjezeremo wina. M'thanki ya makorali, tizamoyo ta m'nyanja yamchere tomwe timamanga chigoba cholimba ngati mwala, zimachitikanso chimodzimodzi. Madzi amachoka ngati nthunzi, mchere n'kutsala momwemo. Thanki ya malita 200 ikaphwa malita 10 okha, mchere umakwera kuchoka pa 35 ppt (magalamu 35 a mchere m'kilogalamu imodzi ya madzi) kufika pafupifupi pa 37. Mukadzazamo madzi amchere ndiye kuti mwaukhazika pamenepo, ndipo sabata yamawa ukweranso.

Dzazani ndi madzi opanda mchere, osefedwa ndi makina a RO/DI, omwe amachotsa pafupifupi zonse zosungunuka m'madzi. Apampopi ayi, chifukwa amabwera ndi klorini, ndipo nthawi zina phosphate yemwe amameretsa ndere. Lembani kamzere pagalasi la sump, kathanki kapansi kosefera madzi, kapena la thanki ngati mulibe sump, ndipo tsiku lililonse bwezerani madzi pakamzerepo. Kudikira Loweruka n'kukhuthuliramo ndowa yonse nthawi imodzi ndi kumene ine ndimakana kwambiri. Nsomba zimapirirako, popeza thupi lake limatha kuwongolera mchere, koma korali ndi starfish, kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi, zilibe mphamvu imeneyo. Madzi a m'thupi mwake amangotsatira a m'thanki. Mudzaona korali lomwe dzulo linatambasuka bwino litabweza timinofu n'kudzipinda ngati tsamba lofota. Amene munazolowera mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe n'zam'madzi opanda mchere, apa m'pofunika kusintha chizolowezi. Ngati ndalama zilipo, gulani ATO, kapampu kodzaza kokha madzi akatsika.

Mulingo woyenera ndi wa nyanja yamchere, 35 ppt, kapena 1.025 mpaka 1.026 pa sikelo ya specific gravity, yoyerekeza kulemera kwa madziwo ndi kwa madzi opanda mchere, madzi ali pa madigiri 25. Poyeza ndimakhulupirira refractometer, kachipangizo koyeza mchere poona momwe kuwala kumapindikira m'madzi. Hydrometer yapulasitiki, choyezera china cha muvi woyandama m'madzi, kathovu kamodzi kakamatirira pa muvi wake, imakunamizani. Refractometer nayonso imasokonekera, choncho muziiwongola kawirikawiri ndi madzi oyezera a 35 ppt omwe amagulitsidwa m'kabotolo. Donthezani madontho awiri kapena atatu, tsekani kachivindikiro, dikirani pang'ono kuti kutentha kufanane, kenako penyani kowala.

Madzi amchere ntchito yake ndi posintha madzi akale, mwina malita 10 pa 100 alionse pa sabata imodzi kapena ziwiri. Sungunulani mchere wa makorali m'ndowa yapadera, madzi kaye mchere pambuyo, kuyambira magalamu 35 pa lita n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka muyezo utakwana. Pampu itakase kwa maola angapo, kapena usiku wonse. Mchere wakukhitchini musauyese n'komwe: mulibe calcium ndi magnesium zomwe korali limamangira chigoba chake. Ndipo musathire mchere wouma m'thanki momwe muli zamoyo.

Mchere umathanso kutsika. Skimmer, makina ochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu, imataya madzi amchere m'kapu yake, wina umauma n'kuyera mbee m'mphepete mwa galasi ndi pa mapaipi, ATO n'kumadzaza opanda mchere. N'chifukwa chake muziyeza sabata iliyonse ngakhale zonse zikuoneka bwino.

Mukapeza kuti mchere wafika pa 1.029, mtima m'malo. Tungani madzi pang'ono, bwezeranimo opanda mchere, osatsitsa kupitirira 0.001 pa tsiku. Pakutha masiku atatu kapena anayi mudzakhala mutabwerera pa 1.026.