Polemba za chamoyo cha dziko lina, yambani ndi malo ake

Alembi ambiri ongoyamba kumene amathamangira kupeka chilombo cha maso asanu ndi mapiko, kenako n'kumachifunira pokhala. Wowerenga sachedwa kuona kuti sizikugwirizana. Inu yambani ndi dzikolo, thupi libwere pambuyo.

Tengani pepala mulembe zinthu zinayi: mphamvu yokokera zinthu pansi, kutentha kwa masana ndi usiku, mpweya umene ulipo, ndi kumene madzi amapezeka. Pa mphamvu yokokayo pakufunika masamu pang'ono. Mukakulitsa nyama kawiri mbali zonse, kulemera kwake kumachuluka ka 8 pomwe kulimba kwa mafupa kumangochuluka ka 4. N'chifukwa chake chiwala chachikulu ngati ng'ombe chingathyoke miyendo chisanadumphe n'komwe. Hal Clement anazitsata bwino zimenezi m'buku la Mission of Gravity la 1954. Mbali zina za pulaneti yake ya Mesklin zimakoka kuposa kuno maulendo mazanamazana, ndiye zamoyo zake n'zazing'ono, zamiyendo yambiri ngati bongololo, zokwawa pansi. Zimaopa kwambiri malo okwera, poti kugwa pang'ono chabe ndi imfa. Taonani kuti malo apereka thupi, aperekanso mantha, ndipo manthawo ndi amene wolemba amagwiritsa ntchito.

Kenako funsani kuti chimadya chiyani, nanga chodyedwacho chimadya chiyani. Apa ndi pamene nkhani zambiri zimagwera: zilombo zolusa zambirimbiri, koma udzu ndi nyama zing'onozing'ono palibe. Funsaninso zimene chamoyocho chimachita ku dziko lake. M'buku la Dune la Frank Herbert, la 1965, nyongolotsi zikuluzikulu za pa pulaneti yachipululu ya Arrakis zimafa ndi madzi, ndipo zikadali zazing'ono zimatsekera madzi pansi panthaka kuti chipululu chisathe. Mukathirira dzikolo mwapha nyongolotsi.

Gawo limene ife timaliona lofunika koposa ndi ili: chichotseni kwawo, muone chimene chingachiphe. H. G. Wells, m'buku la The War of the Worlds la 1898, anabweretsa zamoyo za ku Mars kumene mphamvu yokoka ili pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuno. Zitafika zinkalemedwa ndi matupi awo, n'kumadalira makina. Mfuti zinalephera, koma mabakiteriya amene matupi athu anazolowera kalekale anazimaliza. Samalani apa: chofookacho chitchuleni koyambirira, mwakachetechete. Mukachitulutsa pa tsamba lomaliza, wowerenga amaona ngati mwamubera.

Zophunzirira zili pafupi. Tsikirani ku Nkhata Bay mukayang'ane nsomba zotchedwa mbuna pamiyala ya m'nyanja. Milomo yake inapangidwira kupala ndere, ndipo sizikonda kudutsa pamchenga poyera, choncho za pamiyala ina zimasiyana mtundu ndi za pamiyala ina. Kapena dzukani m'mawa wa mu Juni kuno ku Mzuzu, nkhungu itakuta mitengo, madontho akulendewera pamasamba a paini. Pekani chamoyo chimene chimamwa nkhungu yokhayo. Chifunika khungu lotambalala kapena ubweya wokola madontho, ndi thumba losungira madzi m'thupi. Mukatero lembani ndime imodzi yonena zimene chimachita mu Okutobala, nkhungu itasowa, dzuwa likuswa mtengo: chimagona pansi panthaka, chimakwera ku Nyika, kapena chimafa n'kusiya mazira odikira chisanu.