Fuluwenza ku England: bayitsani katemera mu Okutobala, musadikire kuti ikugwetseni

Abale anga amene mwangofika ku England, makamaka inu osamalira okalamba, fuluwenza musaiyese chimfine chija chimatha ndi tiyi wa mandimu. Imagwira mwadzidzidzi. M'mawa muli bwinobwino, pofika madzulo thupi ndi moto, mafupa akuphwanya, kupita kuchimbudzi kokha ngati mukukwera Mulanje. Imavuta kwambiri mu Disembala ndi Januwale, mazenera onse ali otseka, hita ikuyaka usiku wonse, anthu asanu akupuma mpweya umodzi m'kanyumba ka lendi. Kachilomboka kamayenda m'timalovu ta munthu wotsokomola kapena woyetsemula, ndipo m'manja ndi pa zogwirira za zitseko kamakhala kamoyo mpaka maola 24. Wodwala amapatsira ena kwambiri m'masiku 5 oyamba.

Zosamba m'manja ndi sopo mumazidziwa kale. Zenera tsegulaniko pang'ono ngakhale kukuzizira.

Katemera ndi wa chaka ndi chaka chifukwa kachilomboka kamasintha, ndipo amatenga masiku ofika 14 kuti ayambe kuteteza. Wobaya uja alibe kachilombo kamoyo, ndiye zoti "anandidwalitsa" zisiyeni. Kupweteka kwa mkono tsiku limodzi kapena awiri si fuluwenza. NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, imapereka ulere kwa azaka 65 kupita m'tsogolo, amayi oyembekezera, odwala shuga, mtima, impso, ndi amene ali ndi HIV. Muli pa ma ARV? Musabise, inu ndiye fuluwenza ikhoza kukusandukirani chibayo. Osamalira okalamba, bwana wanu ndiye ayenera kukonza zoti mubayidwe. Akangokhala chete, tengani baji ya kuntchito kapena pepala la malipiro, pitani ku famase kapena kwa GP (dokotala wa m'dera lanu) mukafunse wa ulere.

Tsopano pa GP pomwepa ndi pamene pamandiwawa. Mumafika pa tebulo lolandirira anthu kuti mulembetse, wina osakuyang'anani n'komwe, maso ali pa kompyuta, akuti bweretsani pasipoti, viza ndi bilu ya magetsi yolembedwa dzina lanu. Munthu wogona m'chipinda cha mnzake bilu aitenga kuti? Ifenso Amalawi ndi ulemu wathu uja timangoti "pepani" n'kubwerera, kenako miyezi itatu yadutsa, Disembala wakwana, munthu alibe dokotala.

Mvetsetsani: ku England kulembetsa kwa GP ndi kwaulere, ndipo safunika umboni wa komwe mukukhala, chiphaso, viza kapena nambala ya NHS. Zalembedwa pa tsamba la NHS lenilenilo. Litseguleni pa foni, muwaonetse. Akakanabe, nenani kuti akulembereni chifukwa chake, kapena muonane ndi manenjala wa pamalopo. Musakweze mawu, koma musachokenso msanga. Ndipo wina aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akulembetseni, ameneyo ndi wakuba, kaya alankhule Chichewa chokoma bwanji.

Enanso ndi ma ejensi a ntchito. Mukuimba foni kuti mwatentha thupi, iwo akuti palibe wolowa m'malo, n'kutchulako za viza yanu mochenjera. Achimwene, achemwali, musapite. Mukasambitsa gogo wa zaka 90 mukutsokomola, inu mudzachira, iye mwina ayi. Kudwala kosapitirira masiku 7 sikufuna kalata ya dokotala. Tumizani uthenga wolemba, muusunge. Za pakamwa amazikana mawa lake.

Ikakugwirani, gonani, imwani madzi ambiri. Kwa munthu wamkulu, paracetamol wa 500mg ndi mapiritsi awiri, padutse maola 4, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Lemsip, mankhwala a chimfine ogula m'sitolo, nayenso ali ndi paracetamol, ndiye musaphatikize, mungaononge chiwindi. Aspirin osapatsa mwana wosakwana zaka 16. Amoxicillin uja munabwera naye m'sutikesi sagwira kachilombo ka fuluwenza. Ngati muli m'gulu la oyembekezera kapena odwaladwala lija, imbani 111, nambala ya NHS yofunsira thandizo, tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala a oseltamivir amathandiza akayambidwa pasanathe maola 48. Kubanika, kupweteka pachifuwa mwadzidzidzi kapena kutsokomola magazi ambiri, imbani 999, nambala ya ambulansi.

Ngati munali kumudzi chaka chomwechi ndipo mwatentha thupi, musangoti ndi fuluwenza. Malungo amayamba chimodzimodzi, ndipo dokotala wa kuno sangawaganizire mukapanda kunena. Muuzeni poyambirira kuti munali ku Malawi, mwezi wakutiwakuti, ndipo mukufuna akuyezeni magazi tsiku lomwelo.