Momwe mungakonzere msonkhano waukulu wa pachaka wa bungwe la akatswiri a Chemistry

Ku Zomba kuno anthu odziwa Chemistry alipo ambiri: ku University of Malawi, komwe tonse timangotibe ku Chanco, ku Domasi College of Education, ku Southern Region Water Board komwe amayeza madzi a ku Mulunguzi, ku Geological Survey, ku labu ya chipatala chachikulu, osaiwala aphunzitsi a m'masekondale. Bungwe lowasonkhanitsa anthu amenewa limaima kapena kugwa pa msonkhano waukulu wa pachaka, ndipo ntchito yeniyeni ya msonkhanowo imagwiridwa tsikulo lisanafike.

Yambani ndi malamulo oyendetsera bungwe lanu. Akomiti akhale pansi awerenge zinthu zinayi: masiku odziwitsira mamembala msonkhano usanachitike, chiwerengero cha anthu ofunika kuti zogwirizana zikhale zovomerezeka, oyenera kuvota, ndi zaka zomwe munthu angakhale paudindo. Ngati bungwe munalilembetsa pansi pa Trustees Incorporation Act ndipo mukufuna kusintha matrasti, funsiranitu ku ofesi ya Registrar General zoyenera kutsata.

Chachiwiri, konzani kaundula wa mamembala. Apa ndi pomwe pamabuka mikangano yambiri. Mlembi ndi msungichuma afananitse mayina ndi marisiti, kenako mulengeze tsiku lotsekera kaundulayo, kuti pasapezeke gulu lolipira pakhomo m'mawa wachisankho pofuna kudzavotera mnzawo. Kaundula asonyeze magulu a umembala: akatswiri, matekinishani a m'labu, aphunzitsi ndi ophunzira. Ine ndimaona kuti tekinishani wolipira umembala ayenera kukhala ndi voti yofanana ndi ya pulofesa. Iyeyo ndiye amasakaniza mankhwala, kusamala makina ndi kudziwa asidi amene watsala pang'ono kutha. Ngati malamulo anu amamusiya panja, lembani pempho losintha ndimeyo ndipo lilowe pa mndandanda wa zokambirana.

Chachitatu ndi ndalama. Msungichuma akonze lipoti lolembedwa, alumikize ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo munthu wodziwa zowerengera ndalama amene sali mu komiti aunike zonse msonkhano usanafike. Ndalama zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba zisamakhale mufoni ya munthu. Zizipita ku akaunti ya bungwe, yokhala ndi osayinira atatu, awiri mwa iwo asayine nthawi iliyonse potapa. Thandizo lomwe linabwera ndi ntchito yakeyake, monga maphunziro a chitetezo m'labu, lionetsedwe padera.

Chuma cha bungwe la Chemistry si ndalama zokha. Ngati munalandira zida monga choyezera pH (mphamvu ya asidi), masikelo, magalasi a m'labu kapena mankhwala ochitira mapulakitikolo m'masukulu, lembani chilichonse: chili kuti, akusunga ndani, ndipo mankhwalawo atha mphamvu liti. Botolo losalembedwa dzina losiyidwa m'kabati ya sukulu ndi ngozi kwa ana, ndipo bungwe lomwe linalipereka silingakane udindo. Msonkhano ugwirizane momwe mankhwala otha ntchito achotsedwere mosamala.

Chachinayi, sankhani tsiku ndi kuitana anthu. Pewani nyengo ya mayeso ku yunivesite komanso nthawi yomwe aphunzitsi ali kolembetsa kapena kochonga mayeso a MANEB. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wabwino pokumbutsa, koma kalata yoitanira ipite pa imelo pamodzi ndi mndandanda wa zokambirana, maminitsi a chaka chatha ndi lipoti la chuma. Mamembala a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu muwakonzere njira yolowera pa intaneti. Nkhani ya mayendedwe ndi alawansi ineneni poyera m'kalatamo, kaya zilipo kaya palibe.

Tsikulo likafika, werengani opezeka musanayambe. Akapanda kukwana, musakakamize; chitani zomwe malamulo anu akunena. Zokamba za kafukufuku ziikeni nthawi yakeyake, chifukwa zikatsogola zimadya tsiku lonse, lipoti la chuma n'kumawerengedwa mothamanga anthu akuganiza za minibasi yomaliza. Maminitsi avomerezedwe, wapampando apereke lipoti, msungichuma ayankhe mafunso. Membala amene amagulitsa mankhwala kapena zida za m'labu aulule yekha, ndipo atuluke pokambirana zogula.

Pa chisankho, komiti yonse itule pansi maudindo ndipo woyendetsa akhale munthu amene sakupikisana nawo. Voti ikhale yachinsinsi, yapapepala. Zokweza manja sizithandiza m'gulu lotere: wophunzira sangakweze dzanja kutsutsana ndi amene akumuyang'anira kafukufuku wake, ndiponso tekinishani sangatsutse bwana wake anthu akuona. Mavoti awerengedwe pamaso pa onse ndipo zotsatira zilembedwe ndi manambala ake. Ngati malamulo akulola, ndi bwino kuti akomiti asamatuluke onse chaka chimodzi, kuti pazitsala wina wodziwa pomwe nkhani zinalekezera.

Chomaliza, chomwe ambiri amachinyalanyaza, ndi kupatsirana ntchito. Monga m'buku la m'labu, chosalembedwa chimakhala ngati sichinachitike. Maminitsi atuluke pasanathe masabata awiri, chogwirizana chilichonse chikhale ndi dzina la wochichita ndi tsiku lomalizira. Akomiti akale ndi atsopano akumane, apatsane mafayilo, chidindo, buku la macheke, mapasiwedi a imelo ndi a tsamba la Facebook, ndipo mbali zonse zisayine. Tengani maminitsi osayinidwawo kupita nawo ku banki kukasintha osayinira. Ngati bungwe lanu lili paubale ndi mabungwe akunja monga Federation of African Societies of Chemistry kapena IUPAC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1919 ndipo imayang'anira katchulidwe ka mayina a mankhwala, alembereni mayina a atsogoleri atsopano, mufunsenso ngati pali ndalama za umembala zomwe zinatsalira.