Kujambula phokoso la m'phiri popanda kuwononga ndalama zambiri

Anzanga amene mukufuna kujambula kulira kwa mbalame kapena mkokomo wa madzi ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, musathamangire makina odula. Kachipangizo kakang'ono ngati Zoom H1n kapena Tascam DR-05X n'kokwanira, ndipo kamalowa m'thumba la jekete. Zoom H1n imayendera mabatire awiri a AAA, Tascam awiri a AA, omwe savuta kupeza m'magolosale a pa Chitakale. Ine ndimakonda Tascam chifukwa cha mabatirewo basi.

Koma ndalama yoyamba ipite pa chophimba chaubweya chija chovala pa maikolofoni. Mphepo ya m'phiri la Mulanje ilibe chisoni. Kasiponji wamba sikathandiza, mukafika kunyumba mudzangomva phuuu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukachisowa, telala akhoza kukusokerani ndi nsalu yaubweya ya chidole chakale, bola isathine.

Nyengo ya chiperoni, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chinyezi chimalowa paliponse. Sungani makinawo m'kabokosi ka pulasitiki kotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Osagwira m'manja pojambula, zala zimamveka. Ikani pa katiripodi (kachoimikira ka miyendo itatu), kapena pamwala mutayala chipewa, inu n'kusendera kutali pang'ono, n'kukhala chete. M'makinawo sankhani mtundu wa fayilo wa WAV pa 48kHz, ndipo pafupi ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba tsitsani gain (mphamvu yomwe maikolofoni imakokera mawu), apo ayi mawu aphwanyika. Za mbalame za m'minda ya tiyi, dzukani m'bandakucha, njinga zamoto za kabaza zisanayambe kulira mumsewu.